Mafunso a Owerenga: Kuwedza Bass M'madamu Ozungulira Johannesburg

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa abale omwe ayamba kuthera Lamulungu m'mphepete mwa madamu, ndodo ili m'manja. Pafupifupi onse akufunsa za nsomba imodzi, bass.

Funso: Ndinakulira kunyanja ku Nkhotakota, ndiye kuwedza si kwachilendo kwa ine. Koma ku Bronkhorstspruit Dam ndikaika nyongolotsi ndimangokola timakumba ta kuno tomwe amati kurper, mwina mlamba. Anzanga oponya zipulasitiki akuvuula bass ine ndikuona. Ndikulakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Turffontein

Yankho: Achimwene, dzanja lanu lilibe vuto, koma nsomba mukuifunayi ili ndi khalidwe lake. Bass sayendayenda pansi kufunafuna chakudya ngati mlamba. Ndi mlenje wobisalira. Kwawo ndi ku North America, ndipo mtundu wakamwa lalikulu, womwe wadzaza m'madamu a kuno, unafika ku South Africa mu 1928. Amaima duu pambali pa chitsa, pansi pa mtengo wogwera m'madzi, m'mphepete mwa bango kapena pamiyala, n'kumadikira kuti kansomba, chule kapena nkhanu idutse. Munthu wokhala pamalo amodzi tsiku lonse, nyambo ili phee pamchenga poyera, angakumane naye mwangozi chabe. Wowedza bass amayenda. Ponyani kasanu kapena kakhumi pobisalira pamodzi, kuchokera mbali zosiyana, ndipo pakapanda kanthu sunthirani pena.

Tsono kumene bass amakhala ndi komwenso mbedza imakodwa. N'chifukwa chake woyamba kumene aphunzire kamangidwe kotchedwa Texas rig, komwe nsonga ya mbedza imabisika m'thupi la nyambo. Pafunika nyongolotsi ya pulasitiki yofewa yotalika masentimita 10 mpaka 15, mbedza yokhota pakhosi ya saizi 3/0 kapena 4/0 yomwe m'mashopu amati offset, ndi kamtovu kosongoka ka magalamu 3.5 mpaka 7.

Yambani n'kulowetsa kamtovu pachingwe, nsonga yake iloze kundodo. Mbedza muimange ndi mfundo ya Palomar: pindani chingwe pawiri, lowetsani chopindacho pabowo la mbedza, mangani mfundo wamba osaikoka, dutsitsani mbedza yonse m'kati mwa chopindacho, nyowetsani ndi malovu, kenako kokani pang'onopang'ono. Mfundo yokokedwa youma imatentha n'kufooketsa chingwe, ndiye chifukwa chake ambiri chimawadukira pamfundo pomwepo. Mukatero bayani mutu wa nyambo, nsonga ilowe theka la sentimita n'kutulukira pansi. Kankhirani mutuwo mpaka ukhale pakhosi pa mbedza, tembenuzani mbedza, bayaninso thupi kuti nsonga itulukire pamsana, ndipo muibise pang'ono pansi pa khungu la pulasitiki. Nyambo ikhale yowongoka bwino. Ikapindika imazungulira pokoka, imapota chingwe, ndipo bass amaikayikira.

Kaseweretsedwe ndiye pagona nkhani. Ponyani moyandikira kwambiri chitsa kapena bango, osati mamita atatu kutali. Isiyeni imire yokha, maso ali pachingwe, chifukwa bass nthawi zambiri amagwira nyambo ikumira. Chingwe chikalefuka ndiye kuti yafika pansi. Kwezani nsonga ya ndodo theka la mita pang'onopang'ono, tsitsaninso, kulungani chingwe cholefukacho, dikirani masekondi atatu kapena asanu, n'kubwerezanso. Pafupifupi aliyense woyamba kumene amathamanga kwambiri. Mukaona ngati mukuchedwa, mwina apo ndiye mwafika pa liwiro loyenera.

Bass sagwedeza kambirimbiri ngati kurper. Mumamva kugogoda kumodzi, mwina chingwe chimangoyamba kuyenda cham'mbali, mwinanso ndodo imangolemera. Musakoke nthawi yomweyo chingwe chili cholefuka, chifukwa nsonga siingaboole pulasitiki ndi kamwa lolimba lija. Tsitsani ndodo, kulungani mpaka mumve kulemera kwa nsomba, kenako kwezani mwamphamvu kamodzi. Zonsezi zitenge masekondi awiri. Mukachedwetsa, amameza mbedza mpaka kukhosi. Akakodwa muchotseni msanga pafupi ndi zitsa. Mukaona chingwe chikukwera, ndiye kuti akufuna kudumpha: tsitsirani ndodo cham'mbali, chingwe chikhale chokungika, poti akapukusa mutu m'mwamba chingwe chili cholefuka mbedza imathothoka.

Mitundu ya nyambo isakusokonezeni. M'madzi oyera tengani yobiriwira moderako, yomwe m'mashopu amati watermelon kapena green pumpkin. M'madzi amatope tengani yakuda kapena yapepo woderako yomwe amati junebug.

Funso: Ndalama zanga n'zochepa. Ndigule chiyani poyamba? Mnzanga anandibwereka reel (chokulungira chingwe) ya baitcaster koma chingwe chimangosokonekera ndikaponya. — Wowerenga wa ku Cosmo City

Yankho: Baitcaster, reel yomwe gudumu lake limazungulira poponya, ibwezeni kaye. Chingwe chimasokonekera chifukwa gudumu losunga chingwe limapitiriza kuzungulira nyambo itachepetsa kale liwiro, makamaka poponyera kumene kukuchokera mphepo kapena nyambo ikakhala yopepuka. Ngati mukufunabe kuiphunzira, mangitsani kachitsekero kam'mbali mpaka nyambo izitsika pang'onopang'ono mukaimasula, kwezani mabuleki, ndipo chala chachikulu chigwire gudumu nyambo isanagunde madzi.

Woyamba agule ndodo imodzi ya spinning (yoika reel yolendewera kunsi, yomwe gudumu lake silizungulira poponya) yotalika mamita 2 kapena kuposa pang'ono, yolembedwa medium kapena medium heavy, ndi reel ya saizi 2500. Chingwe cha nayiloni chotha kupirira kulemera kwa mapaundi 10 mpaka 12 chikwanira. Podzaza, siyani mamilimita 2 kapena 3 chisanafike pamlomo wa gudumu. Mukadzazitsa chimatuluka chambiri nthawi imodzi, mukachepetsa simuponya kutali. Mukaponya, tsekani kawaya ka reel ndi dzanja. Drag, buleki ya reel yomwe imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, isamangidwe mpaka mapeto: chingwe chizituluka mukachikoka mwamphamvu ndi dzanja, ndipo nsomba ikamathawa nacho musapukuse chogwirira, chifukwa kutero kumapota chingwe.

Onjezerani mapaketi awiri a nyambo zofewa, mbedza, timitovu, pulayazi, ndi spinnerbait (nyambo ya waya yokhala ndi tizitsulo tozungulira m'madzi) imodzi yoyera ya magalamu 10 yogwiritsa ntchito tsiku lamphepo. Ndalama ikatsala, musaunjike nyambo zambiri. Gulani magalasi a polarised, omwe amaonetsa zitsa zapansi pa madzi komanso kuteteza maso mbedza ikabwerera. Ndipo mukamaliza kulimbana ndi nsomba pamiyala, papasani mita yomaliza ya chingwe ndi zala. Chikakhala chokalakala, dulani n'kumanganso.

Funso: Ndimapuma Lamulungu lokha. Nthawi yabwino ndi iti, ndipo m'nyengo yozizira n'kupitako? — Wowerenga wa ku Tembisa

Yankho: M'miyezi yotentha fikani kusanache. Maola awiri oyamba a m'mawa ndi awiri omaliza a madzulo bass amabwera kosaya kudzasaka, ndipo ndi nthawi yoyesa nyambo zoyandama monga chule wa pulasitiki. Akachita phava, musakoke chifukwa cha phokosolo. Dikirani mumve kulemera. Dzuwa likakwera amathawira kumthunzi ndi kozama.

Mu Juni ndi Julaye madzi amazizira, thupi la nsomba limagwira ntchito pang'onopang'ono ndipo sidya kawirikawiri. Pitani masana, funani malo ozama pafupi ndi miyala, chepetsani nyambo, ndipo muiseweretse mochedwa kuposa kale. Cha mu Seputembala ndi Okutobala, madzi akafika madigiri 16 mpaka 20, wamwamuna amakonza chisa kosaya n'kumalondera mazira ndi tiana. Amakodwa mosavuta chifukwa amaluma chilichonse choyandikira. Mukamukola m'bwezereni pomwepo, chifukwa chisa chikakhala chopanda mlonda nsomba zina zimadya mazira.

Chenjezo limodzi lomwe sitiseka nalo: mvula ya kuno ya masana imabwera ndi mphezi zoopsa, ndipo ndodo za graphite zimadutsa magetsi. Mukamva kugunda, gonekani ndodo pansi, chokani kumadzi, lowani m'galimoto kapena m'nyumba. Pansi pa mtengo si pobisala.

Funso: Bambo a kunyumba kwanga amapita kudamu, mafuta agula, pageti alipira, koma amabwera chimanjamanja, ati nsomba anazibweza m'madzi. Kwathu zimenezi sindinazionepo. Kodi bass sadyedwa? — Mayi wa ku Rosettenville

Yankho: Mayi, funso lanu n'lomveka, ndipo ambiri ochokera kumudzi amadabwa chimodzimodzi. Bass amadyedwa, mnofu wake ndi woyera komanso wokoma. Koma bambowo ali ndi zifukwa ziwiri zabwino. Choyamba, madamu ozungulira mzinda uno amalandira awedzi ambirimbiri sabata iliyonse. Bass wa makilogalamu awiri watenga zaka zingapo kuti afike pamenepo, ndipo akuluakuluwo kawirikawiri amakhala aakazi oikira mazira ochuluka. Aliyense atamanyamula, damu lingatsale ndi tiana tokhatokha. Malo ambiri olipiritsa pageti amachita kulamula kuti bass abwezedwe, ndipo kumene amalola kutenga pamakhala malire.

Chachiwiri n'chokhudza thanzi la ana anu. Hartbeespoort Dam imalandira madzi a mtsinje wa Crocodile, womwe umanyamulanso a Jukskei wochokera m'kati mwa Johannesburg, ndipo damuli limadziwika ndi ndere zobiriwira zomwe zimatha kukhala ndi poizoni. Za zonyansa za m'zimbudzi zothira mumtsinje wa Vaal, bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission linatulutsa lipoti mu 2021. Kuphika kumapha majeremusi koma sikuchotsa poizoni. Ife sitingakulangizeni kudya nsomba ya m'madzi onunkha kapena obiriwira ngati penti. Mukafuna ndiwo, bambo afunse mwini malo, asankhe damu la madzi oyera, ndipo atenge wapakatikati mmodzi kapena awiri, wamkulu abwerere.

Kubweza nakonso kuli ndi kachitidwe kake, apo ayi nsomba imakafera patsogolo. Nyowetsani manja musanaigwire, chifukwa kuterera kwa pakhungu pake ndiko kumaiteteza ku matenda. Lowetsani chala chachikulu m'kamwa n'kugwira mlomo wam'munsi, nsomba ilendewere molunjika. Ikakhala yaikulu kapena mukufuna kuigoneka pojambula, dzanja lina lichirikize mimba; kuinyamula chogona ndi mlomo wokha kumavulaza nsagwada. Osaiika pamchenga, osalowetsa zala mopumira mwake, ndipo isakhale kunja kwa madzi kuposa theka la mphindi. Mbedza ikamezedwa, dulani chingwe pafupi nayo m'malo moikoka mwankhanza. Yofooka muigwire chilili m'madzi mpaka ichoke yokha.

Funso: Ku Vaal Dam ndinakangana ndi bambo ena achikulire omwe anali ndi ndodo zingapo zoimika pazitsulo. Ati ndinaponya pamwamba pa zingwe zawo, chonsecho ndinali kutali ndithu. Analakwa ndani? — Wowerenga wa ku Mayfair

Yankho: Tikukhulupirira kuti simunachite dala, komabe kupepesa kunali kwa inu. Bambowo ayenera kuti amawedza nsomba zotchedwa carp. Awedzi amenewa amaponya nyambo yopangidwa ndi ufa wa chimanga kutali kwambiri, mwina mamita 80 kapena 100, ndipo zingwe zawo zimatha kupita chopingasa osaoneka. Woyamba kufika ndiye mwini madzi ali kutsogolo kwake tsiku limenelo. Inu woyendayenda dutsani kumbuyo kwa ndodo zawo, perekani moni, funsani kumene zingwe zaloza, ndipo siyani mamita 30 mpaka 50 musanayambenso kuponya. Mukaona mnzanu wakola, musathamangire kukaponya pomwepo. Muli pabwato, musadutse pakati pa munthu wa pagombe ndi nyambo yake, ndipo chepetsani liwiro.

Wailesi yokweza ndi kuponda mwamphamvu pagombe zimathawitsa nsomba za kosaya, zanu ndi za anzanu. Zidutswa za chingwe ndi nyambo zong'ambika ikani m'thumba: chingwe chimakola mbalame miyendo, ndipo pulasitiki nsomba zimameza. Magombe ambiri, makamaka mumtsinje wa Vaal, ndi malo a eni ake, ndiye lowerani pageti, osati pampanda.

Mpata womwewu titchule za malamulo. Laisensi yowedzera m'madamu ndi m'mitsinje imayendera chigawo, ndipo si imodzi ndi ya kunyanja yamchere. Hartbeespoort ili ku North West, Loskop ili ku Mpumalanga, pomwe Vaal Dam imakhudza Gauteng, Free State ndi Mpumalanga. Funsani kushopu ya zowedzera musananyamuke. Ku Loskop kuli ng'ona ndi mvuu, choncho osalowa m'madzi. Ukonde wamtundu uliwonse wotchera, ngakhale neti ya udzudzu, siuloledwa kwa wowedza mwachisangalalo, ndipo kwa ife alendo mlandu wotere umakula msanga n'kuipitsanso mbiri ya abale onse.

Funso: Ndimagwira ntchito papuloti ina yomwe ili ndi kadamu. Ndingabweretse tiana ta bass mundowa kuti tiswane? — Wowerenga wa ku Muldersdrift

Yankho: Ayi, achimwene, musayese, ngakhale abwana atakutumani. Malamulo a dziko lino a 2014 okhudza zamoyo zochokera kunja anaika bass m'gulu la zowononga zachilengedwe, ndipo kumusamutsa wamoyo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Kadamu kanuko kakasefukira m'dzinja, bass amalowa mumtsinje n'kuyamba kudya tinsomba tachilengedwe tomwe sitinazolowere mlenje wotere, ndipo akakhazikika kumuchotsa n'kovuta zedi. Mwini malo akafunadi nsomba, apite ku ofesi yoona zachilengedwe m'chigawo cha Gauteng akafunse zomwe zimaloledwa. Chimodzimodzinso ndi zomera: mukachoka kudamu la namasupuni monga Hartbeespoort, tsukani bwato, nsapato ndi zida zonse, n'kuziumitsa padzuwa musanapite nazo kumadzi ena.