Kodi mankhwala otsukira makutu a galu amaphadi tizilombo toyambitsa matenda a m'khutu?

Bambo ena a ku Nchalo anditumizira imelo yokhudza galu wawo wolondera pakhomo, wamakutu ogwa, yemwe wakhala akupukusa mutu ndi kudzikanda kukhutu kuyambira m'dzinja. Akuti anagula ku Blantyre botolo la mankhwala otsukira makutu, lomwe analembapo kuti amapha mabakiteriya ndi mafangasi, ndipo atathira kwa masabata awiri fungo linachepa, koma atangosiya linabwereranso pamodzi ndi mafinya achikasu. Funso lawo ndi lakuti: kodi mankhwala oterewa amaphadi tizilombo, kapena anangotaya ndalama?

Bambo, ndalama zanu simunataye, koma mankhwalawo mwawapatsa ntchito yoposa msinkhu wawo. Ena mwa iwo amaphadi tizilombo, ndipo akatswiri anaziyesa n'kuziona, koma ntchito imene anawapangira kwenikweni ndi kuchotsa phula, mafinya ndi litsiro m'khutu kuti mankhwala ochiza akafike pamene pali matenda. Khutu lomwe layamba kale kutulutsa mafinya achikasu nthawi zambiri silichira ndi kutsuka kokha.

Choyamba tidziwe tizilombo tomwe tikutinena, chifukwa si ta mtundu umodzi. Kofala kwambiri ndi kayisiti, komwe ndi mtundu wa fangasi, kotchedwa Malassezia pachydermatis, komwe kamakhala pakhungu la galu aliyense ngakhale wathanzi, ndipo kamangochulukana khutu likamakhala lonyowa ndi lofunda. Kameneka kamatulutsa phula lakuda kapena lofiirira, lamafutamafuta, la fungo lochucha. Kachiwiri ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus pseudintermedius, yemwenso amakhala pakhungu n'kale. Wachitatu, yemwe amasowetsa mtendere madokotala a ziweto, ndi Pseudomonas aeruginosa, yemwe amakonda madzi ndi malo achinyezi, amakumba zilonda m'ngalande ya khutu, amatulutsa mafinya amadzimadzi achikasu kapena obiriwirako, ndipo mwachibadwa samva mankhwala ambiri opha mabakiteriya. Zimene mwafotokoza zikundipatsa maganizo a wachitatuyu, ngakhale kuti wotsimikiza ndi amene wapaka mafinyawo pa kagalasi n'kuwaona pa maikulosikopu, pomwe kayisiti kamaoneka ngati mtedza wosasenda, Staphylococcus ngati timadontho towunjikana, ndipo Pseudomonas ngati timitengo tifupitifupi.

M'chaka cha 2008 akatswiri a pa yunivesite ya Liverpool ku England anasindikiza m'magazini ya Veterinary Dermatology zotsatira za kafukufuku amene anayerekeza mankhwala angapo otsukira makutu ogulitsidwa m'masitolo. Mu labotale anawasungunula ndi madzi a mchere pang'onopang'ono, n'kumawasakaniza ndi tizilombo ta mitundu itatu yomwe ndatchulayi, kuti aone kuti mphamvu yawo imathera pati. Kusiyana kwake kunali kwakukulu: ena ankapha tizilombo ngakhale atasungunulidwa kangapo, pomwe ena anaonetsa mphamvu yochepa kwambiri kapena sanaphe n'komwe. Mphamvuyo inkapezeka makamaka m'mankhwala okhala ndi isopropyl alcohol, parachlorometaxylenol yomwe pamabotolo amailemba mwachidule kuti PCMX, komanso m'mankhwala owawasa, kutanthauza okhala ndi asidi monga lactic, salicylic, acetic kapena boric. Choncho mawu akuluakulu a kutsogolo kwa botolo musawakhulupirire kwambiri. Tembenuzani botololo, muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo, pomwe amatchula zimene anaikamo. Mukapeza kuti muli mafuta ofewetsa phula okha, monga squalene, dziwani kuti amenewo ndi otsukira basi, ndipo pa ntchito yawoyo ndi abwino ndithu, koma si opha tizilombo.

Pali chinthu china chomwe mungachione pa mabotolo ena, chotchedwa Tris-EDTA. Pachokha sichipha kwenikweni, koma chimakoka calcium ndi magnesium amene amamanga chikopa chakunja cha mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas, ndipo chikopacho chikafooka, mankhwala opha mabakiteriya kapena chlorhexidine amalowa mosavuta. N'chifukwa chake madokotala amauza mwini galu kuti athire Tris-EDTA, adikire mphindi 15 kufikira 30, kenako n'kudontheza mankhwala ochiza.

Komatu mbale ya mu labotale si khutu la galu, ndipo apa m'pamene pagona vuto lanu. M'mbale muja tizilombo timakhala poyera, tikuyandama m'madzi, ndipo mankhwala amatikhudza mbali zonse. Khutu la galu ndi ngalande yopindika ngati chilembo cha L, yomwe imatsika pansi kenako n'kukhotera m'kati mwa mutu, ndipo khutulo likadwala khungu lake limatupa, njira imachepa, mafinya ndi phula n'kudzaza kunsi komwe maso anu safika. Mankhwala amene mwathira amasungunuka ndi mafinyawo, galu amapukusa mutu n'kuwamwaza asanakhalitse, ndipo otsala amathera pamwamba pa litsiro. Kuwonjezera apo, Pseudomonas amadzimangira chinthu choterera chomamatira kukhungu, chonga kuterera kuja kumene mumakumva ndi chala m'kati mwa ndowa imene yakhalitsa ndi madzi, ndipo tizilombo tobisala m'menemo timapirira mankhwala ochuluka kwambiri kuposa amene angatiphe tili poyera. Fungo linachepa chifukwa munkachotsa mafinya ndi kupha tizilombo ta pamwamba. Linabwerera chifukwa ta kunsi tinatsala.

Apa ndi pamene phindu lenileni la kutsuka limaonekera. Mankhwala odontheza m'khutu amene madokotala amalemba, okhala ndi gentamicin, neomycin kapena polymyxin B, amafooka kwambiri akakumana ndi mafinya, moti kuwadontheza m'khutu losatsuka n'kuwawononga chabe. Gentamicin ndi neomycin amafookanso m'malo owawasa, choncho ngati otsukira anu ali ndi asidi, musadontheze nthawi yomweyo. Pukutani, dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Kwa galu yemwe ali ndi kayisiti kochepa chabe, khutu lisanatupe kapena kuchita zilonda, otsukira okhala ndi asidi kapena chlorhexidine angathe kuthetsa vutolo paokha, ndipo pa malo amenewa ndimawayamikira. Pa khutu la mafinya ndi zilonda, ntchito yawo ndi yolambula njira basi.

Katsukidwe nakonso kali ndi mbali yake, pakuti anthu ambiri amangodontheza madontho atatu pakhomo pa khutu n'kumati atsuka. Mangani kaye galu kukamwa ndi kansalu, chifukwa khutu lodwala limapweteka ndipo ngakhale galu wofatsa amaluma, wina amugwire. Kwezani khutulo m'mwamba kuti ngalande iwongokeko, thirani mankhwala mpaka muwaone akudzaza, osagunditsa kamwa ya botolo ku khutu, chifukwa Pseudomonas amatha kulowa m'botolo n'kukhala momwemo. Kenako tsinani pang'onopang'ono kunsi kwa khutu, pomwe pamamveka chichereŵechereŵe cholimbirako, n'kumasisita kwa mphindi imodzi. Mukamachita bwino mumamva madzi akulira chofwochofwo m'kati. Musiyeni apukuse mutu, ndipo inu muime patali pang'ono, kenako pukutani ndi thonje lokulunga ku chala pokhapo pamene chala chikufika. Timitengo ta thonje tija timakankhira litsiro kunsi ndipo tingathe kubowola nembanemba ya m'kati.

Nembanemba imeneyi, yomwe imatchinga pakati pa ngalande yakunja ndi khutu la m'kati, ndi imene ikundichititsa kukupemphani kuti musapitirize kuthira mpaka wina ataliona khutulo ndi kachipangizo kounikira. Matenda akakhalitsa, makamaka a Pseudomonas, nembanembayi kawirikawiri imakhala itabowoka, ndipo mankhwala monga chlorhexidine wamphamvu, sipiriti ndi ena osungunula phula akadutsa pabowopo angathe kugonthetsa galu kapena kumuchititsa chizungulire. Mukaona galu akupendeketsa mutu mbali imodzi osawongola, akudzandira poyenda, maso akuvinavina, mlomo kapena chikope cha mbali imodzi chitagwa, kapena akulira potsegula kukamwa, siyani mankhwala onse nthawi yomweyo. Pamene sizikudziwika ngati nembanembayo ili yonse, chimene madokotala amatsukira ndi madzi a mchere a diripi aja a 0.9 peresenti, omwe sapha tizilombo koma savulazanso khutu.

Ndikudziwa kuti kuno kwathu, kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka, botolo la mankhwala otsukira makutu si chinthu chopezeka pa golosale, ndipo anthu amathira chimene chili pafupi. Ndikupemphani kuti palafini, oyilo wakuda wa galimoto, dibi wa ng'ombe ndi sipiriti zisayandikire khutu la galu, chifukwa zimawotcha khungu lomwe lili kale ndi zilonda, ndipo dibi wina amalowa m'thupi n'kudwalitsa galu yense. Wina angawerenge pa botolo la Dettol n'kupeza kuti muli chloroxylenol, yomwe ndi PCMX yomwe ija, n'kuganiza kuti wapeza njira yachidule. Koma m'menemo muli wochuluka kwambiri, pafupifupi 5 peresenti, pamodzi ndi zinthu zina zomwe sanazipangire m'khutu, ndipo kwa mphaka ndi poizoni weniweni. Viniga woyera ndiye yekha amene ali ndi maziko, popeza asidi wake ndi acetic yemweyo amene amaikidwa pa 2 peresenti m'mankhwala ena otsukira, ndipo viniga wa patebulo amakhala pafupifupi 5 peresenti, moti kumusakaniza ndi madzi owiritsa mulingo wofanana kumamufikitsa pafupi ndi pamenepo. Koma amaluma kwambiri pa chilonda, galu sadzalolanso kuti mumugwire khutu, ndipo pa khutu longa la galu wanu sindingakulangizeni kutero.

Tsopano funso lomwe simunafunse, koma lomwe likufunika kuposa limene mwafunsa, ndi lakuti n'chifukwa chiyani tizilombo tinachulukana poyamba. Tizilombo tambiri ta m'khutu sitiyambitsa tokha matenda. Timapezerapo mwayi pamene china chasokoneza kale khutu. M'chigwa chathu chino kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kenako mvula ikabwera chinyezi chimakhalitsa, ndipo galu wamakutu ogwa amene amakaviika m'ngalande za m'minda ya nzimbe kapena m'madambo a m'mbali mwa Shire amabwera ndi madzi m'khutu omwe sauma msanga. Agalu athu am'mudzi, omwe ambiri makutu awo ndi oimirira, mphepo imawadutsa, n'chifukwa chake sadwala kawirikawiri ngati agalu achizungu ndi amakaladi awo. Nkhupakupa zimakonda kubisala m'makwinya a khutu. Njere ya udzu ingathe kulowa n'kukakamira kunsi, ndipo chizindikiro chake ndi galu amene wayamba kupukusa mutu mwadzidzidzi, khutu limodzi lokha, atangochokera kutchire. Mwa ana agalu mumapezeka tinthata ta m'khutu totchedwa Otodectes cynotis, tomwe timasiya litsiro louma lakuda loyoyoka, ndipo sitifa ndi otsukira koma ndi mankhwala ophera nthata. Kwa galu wamkulu amene matenda amangobwerabwera makutu onse awiri, kwinaku akunyambita mapazi ndi kukanda m'mimba, choyambitsa chofala kwambiri ndi ziwengo, pamene thupi lake limadana ndi chakudya china kapena zinthu za m'fumbi ndi mungu wa zomera. Chimenecho chikapanda kupezeka, mudzagula botolo lina ndi lina mpaka ngalande ya khutu idzakhuthala n'kuuma, ndipo ikafika pamenepo imafuna opaleshoni.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Yambani ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu, kapena ofesi ya zaulimi ya Shire Valley ADD ku Ngabu, kuti achotse nkhupakupa, aone ngati muli tinthata, ndiponso akulozereni kumene kuli dokotala. Koma pa khutu limene lakhala likutuluka mafinya kwa miyezi, ulendo wokwera phiri kupita ku Blantyre, ku chipatala cha ziweto monga cha BSPCA kapena cha dokotala woima payekha, ndi woyenera mtengo wake. Mukafika pemphani zinthu ziwiri: aunike nembanemba, ndipo aone mafinya pa maikulosikopu asanakulembereni mankhwala. Tengani botolo lanu lija kuti dokotala awerenge zimene zilimo, ndipo musatsuke khutu tsiku limenelo kapena dzulo lake, kuti akapeze zoti apime. Nthawi zambiri adzakupatsani madontho okhala ndi zinthu zitatu pamodzi, chopha mabakiteriya, chopha yisiti monga miconazole kapena clotrimazole, ndi chochepetsa kutupa, ndipo chachitatuchi musachipeputse, chifukwa ndi chimene chimatsegula ngalande kuti zinazo zilowe. Malizani masiku onse amene akuuzani ngakhale fungo litatha pa tsiku lachinayi, ndipo mubwererenso kuti akatsimikize.

Galu akachira, botolo lanu lidzakhala ndi ntchito yake yoyenera, yomwe ndi kuteteza. Kutsuka kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, ndiponso tsiku lililonse limene wasambira m'madzi, n'kokwanira kwa galu wamakutu ogwa m'nyengo ya mvula. Kutsuka tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali kumafewetsa khungu la m'ngalande n'kulisiya lonyowa, ndipo khutu limayamba kutulutsa zoyerayera zomwe mwini galu amaziyesa matenda atsopano, iye n'kumawonjezera kuthira. Mukaona zotere pa khutu lomwe silikununkha ndiponso silikupweteka, lekani kutsuka kwa sabata imodzi muone ngati ziume zokha.