Kodi boma lingayende popanda Windows?

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Dedza. Tili ndi makompyuta 14 akale omwe tinalandira ngati mphatso, ndipo atiuza kuti Windows 11 singalowemo. Mnzanga akuti ku Germany kuli boma lomwe likuchotsa Windows m'maofesi mwake n'kuika Linux yaulere. Kodi n'zoona? Anthu a ndalama ngati amenewa akuthawanji, ndipo ife tingatengere?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo sananame. Akunena za Schleswig-Holstein, chigawo cha kumpoto kwa Germany chomwe chinachita malire ndi Denmark. Mu 2024 boma la chigawochi linagamula zoti makompyuta ake pafupifupi 30,000 asiye Word ndi Excel ayambe LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito zomwezo, ndipo pambuyo pake Windows nayo ilowedwe m'malo ndi Linux. Mu 2025 anasamutsanso maimelo a ogwira ntchito kuchoka ku Outlook.

Ndalama ya laisensi ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu n'chakuti atopa ndi lendi. Mukamakhala m'nyumba ya lendi, mwini wake ndiye amanena tsiku lokweza mtengo, tsiku lofolera ndi tsiku loti mutuluke. Inuyo mwazionera pasukulu panu. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera Windows 10, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe makompyuta ambiri akale alibe. Makina amoyo ndithu, oyaka bwinobwino, akusanduka zotaya chifukwa cha chigamulo cha kampani imodzi ya ku America. Ndiye taganizani boma lomwe lasunga mbiri ya odwala, milandu ya kukhoti ndi misonkho ya anthu m'mapulogalamu omwe silingathe kuwatsegula n'kuona zomwe akuchita m'kati.

Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi yotseguka. Malangizo onse omwe amaiyendetsa ali poyera, ndipo aliyense wodziwa angawawerenge, kuwakonza ndi kugawira ena. Kampani yomwe mwailemba ntchito ikakukhumudwitsani, mumaitana ina n'kupitiriza pomwepo.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo anawaponda ndi a mzinda wa Munich, ku Germany komweko. Mu 2003 khonsolo yawo itaganiza zosiya Windows, mkulu wa Microsoft pa nthawiyo, Steve Ballmer, anapita yekha kukaonana ndi meya Christian Ude atatenga mtengo wotsitsa. Khonsolo sinasunthike. Pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali pa Linux yawoyawo yotchedwa LiMux. Mu 2017, pampando pali meya wina, khonsolo inavota kuti abwerere ku Windows. Ndale zinalowererapo, koma madandaulo a ogwira ntchito analinso enieni: zikalata zochokera ku maofesi ena zinkatseguka zitasokonekera, ndipo mapulogalamu ena apadera ankagwira pa Windows pokha.

Madandaulo amenewa ine sindiwapeputsa. Ndinathandizapo ofesi ina yaing'ono kusintha, ndipo tsiku loyamba ndinapeza mayi mlembi atagwira tsaya. Kalata yomwe akhala akuilemba zaka zambiri inali itatseguka chidindo cha pamwamba chitatsetserekera pakati pa tsamba, mizere ya tebulo italumphira tsamba lachiwiri, abwana akudikira kuti asaine. Vuto linali laling'ono, mtundu wa zilembo womwe munalibe m'kompyutamo, ndipo tinakonza pasanathe theka la ola. Koma kwa mayiwo m'mawa umenewo Linux inali mdani, ndipo sanalakwe kukwiya. Tinawasinthira khasu pakati pa mzere osawauza.

Amene anaiyenda bwino njirayi ndi apolisi a Gendarmerie ku France. Iwo sanayambe ndi Linux ayi. Mu 2005 anaika OpenOffice, pulogalamu yaulere yolembera, pa Windows yomwe anali nayo kale, kenako Firefox ya intaneti ndi Thunderbird ya maimelo. Anthu atazolowera, mu 2008 m'pamene anayamba kusamukira ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndipo wapolisi atayatsa kompyuta anapeza mapulogalamu omwe ankawadziwa kale. Lero makompyuta awo oposa 100,000 ali pa Ubuntu yawoyawo yotchedwa GendBuntu. A Schleswig-Holstein akutsata ndondomeko yomweyi: zolembera kaye, maimelo, Linux kumapeto.

Kuno kwathu zotsegukazi si zachilendo. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo. Ndipo m'dziko lomwe ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala, ine zimandiwawa kuona madola akupita ku malaisensi a zinthu zomwe tikanazipeza mwaulere, n'kulipira achinyamata athu omwe kuti aziziyang'anira.

Tsono ku makompyuta anu 14 aja. Musawataye, komanso musawasinthe onse tsiku limodzi. Ikani kaye LibreOffice pa Windows yomwe ilipo, ana ndi aphunzitsi anzanu aizolowere teremu yonse. Imatha kusunga ntchito mu docx, mtundu wa mafayilo a Word, kotero kalata yopita ku ofesi ya zamaphunziro idzatseguka. Kenako pezani fulashi ya 8GB, muikemo mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint, muyatsire kompyuta imodzi kuchokera pa fulashipo. Imayaka popanda kufufuta chilichonse. Yesani pirinta, yesani intaneti, yesani pulojekita ngati muli nayo.

Musanasinthe otsalawo, khalani pansi ndi mphunzitsi wa makompyuta muone silabasi. Ngati pali mutu womwe mayeso amafunsa potchula Microsoft Access kapena pulogalamu ina ya Windows, siyani makina awiri kapena atatu momwe alili, koma muwachotse pa intaneti popeza zigamba zowateteza zinatha. Ndipo sankhani ana awiri a Fomu 3 okonda kugwiragwira makina, aike okha Linux pa kompyuta yachiwiri inu mukuyang'ana. Mukatero mundilembere, ndikufuna kumva ngati pirinta yanu inavomera.