Funsani Akatswiri: Tizilombo ta m'mayiko achisanu

Funso, kuchokera kwa mphunzitsi wa sayansi ku Dedza: Ana asukulu anandifunsa ngati ku Antarctica kuli mabakiteriya. Kodi chisanu cha kumeneko sichipha chilichonse?

Aliko ndithu, aphunzitsi. Chimene chimalepheretsa moyo kwenikweni ndi kusowa kwa madzi osaundana. Madzi a m'nyanja yamchere amaundana pa madigiri pafupifupi -1.9. Akamaundana, mchere umakankhidwira pambali, ndipo m'kati mwa ayezi mumatsala timing'alu todzaza madzi amchere wambiri omwe sagwirana. Mabakiteriya amakhala m'menemo, limodzi ndi ndere zazing'ono zotchedwa diatoms. Nderezi n'zimene amadya krill, tinyama tofanana ndi nkhanu tomwe anangumi ndi ma penguin amadalira.

Kuti anawo amvetse msanga, akumbutseni poto wa nyama ya ng'ombe m'mawa wa mu June. Mafuta ake amakhala atagwirana, pomwe mafuta ophikira a mpendadzuwa m'botolo amakhala akuyendabe. Khungu la selo nalonso ndi la mafuta. Likauma gwa, chakudya sichilowa ndipo zoipa sizituluka. Mabakiteriya okonda kuzizira amamanga khungulo ndi mafuta a mtundu wosagwiranawo. Ena amadzikuta ndi madzi otelera ngati therere, ena amapanga mapuloteni oletsa timibulu ta ayezi kukula n'kuboola selo. Bakiteriya wotchedwa Planococcus halocryophilus, yemwe anapezeka m'nthaka youndana ya pachilumba cha Ellesmere ku Canada, amaswana ngakhale pa madigiri -15.

Kumtunda vuto ndi chilala. Wofufuza malo wa ku Britain Robert Falcon Scott atafika m'chimodzi mwa zigwa zouma za McMurdo ku Antarctica mu 1903 anaona ngati mulibe chamoyo chilichonse. Analakwitsa, koma sitingamunene, poti mu 1976 m'pamene wasayansi Imre Friedmann analengeza zoti ndere zimabisala m'kati mwa miyala ya kumeneko, mamilimita ochepa pansi pa khungu la mwala, pomwe kuwala kumafika koma mphepo sifika. Mu 2017 kafukufuku wina anaonetsa kuti mabakiteriya ena a m'dothi la ku Antarctica amapeza mphamvu kuchokera ku hydrogen ndi carbon monoxide wochepa wa mumpweya.

Funso, kuchokera kwa wophunzira wa ku Zomba: Nanga akatswiri amatenga bwanji dothi kapena ayezi wokayeza?

Amaboola ndi chipangizo chophedwa majeremusi, atavala magolovesi, n'kupala kunja kwa chidutswacho ndi kusunga cham'kati chokha. Zimasokonekera pawiri. Choyamba ndi kutentha: mabakiteriya okonda kuzizira enieni sakula kupitirira madigiri 20, choncho chidutswa chikafunda pa ulendo, amene amatsala ndi ena, osati eni malowo. Chachiwiri ndi kusungunula ayezi wa m'nyanja payekha. Mchere umasukuluka mwadzidzidzi ndipo maselo amaphulika, n'chifukwa chake amamusungunulira pang'onopang'ono m'madzi a m'nyanja osefedwa, pamalo ozizira. Mbale zoberekeramo mabakiteriya amaziika pa madigiri 4 kwa milungu ingapo, komabe mitundu yambiri simera. Ambiri masiku ano amangowerenga DNA, ngakhale kuti nayo imanamiza, chifukwa pozizira DNA ya tizilombo takufa kalekale imasungika bwino.

Funso, kuchokera kwa mayi wa golosale ku Mzuzu: Ndiye kuti firiji yanga sipha majeremusi?

Sipha, mayi, imangowachedwetsa. Mabakiteriya otchedwa Listeria amaswana m'firiji momwemo. Ndi amene anadwalitsa anthu opitirira 1,000 ndi kupha oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu poloni. Ikani choyezera kutentha pashelefu yapakati, chisamapitirire madigiri 5, ndipo mbali youmitsira ikhale pa -18. Magetsi akazima musamatsegule chitseko pafupipafupi. Nyama yomwe yasungunuka n'kufunda musaiumitsenso kuti muigulitse, chifukwa mabakiteriya omwe aswana pa maola amenewo amakhalabe momwemo.