Adyo wa apongozi ndi mapiritsi a kuchipatala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Linthipe, kuno ku Dedza. Mwana wawo wa zaka 6 ali ndi chipere cha m'mutu. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi a griseofulvin, koma patha masabata awiri tsitsi silinayambe kumera. Apongozi awo akuti pachiperepo akhulepo ndi chitsononkho, kenaka apakepo adyo wosinja ndi madzi a masamba a nimu. Mayiwa akufunsa kuti, "Ndingaphatikize zonse ziwiri? Nanga adokotala ndiwauze? Ndikuopa kukalipiridwa."

Mayi, apongozi anuwo akumva chisoni ndi mdzukulu wawo, ndipo ambirife tinaleredwa ndi manja omwewo, otithyolera masamba tikadwala. Musawanyoze. Koma za adyozo, chonde ayi. Adyo wosinja amawotcha khungu, makamaka la mwana, ndipo mukayamba mwakhulapo ndiye mwatsegula chilonda. Tizilombo tina tikalowa pamachita mafinya, ndipo pamene patsala chipsera tsitsi silimeranso mpaka kalekale.

Chipere cha m'mutu chimasiyana ndi cha pamkono. Chimalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu, kumene chopaka sichifika. Ngakhale mankhwala opaka a clotrimazole kapena Whitfield, amene amathandiza pathupi, m'mutu paokha salimba. N'chifukwa chake anakupatsani akumwa, ndipo kawirikawiri amamwedwa masabata 6 mpaka 8. Masabata awiri ndi chiyambi chabe, ndipo tsitsi limabwera pambuyo penipeni. Apa ndi pomwe ambiri timagwa mphwayi. Ena amasiya mapiritsi, amati achipatala alephera. Ena amapaka zitsamba m'sabata yachisanu, chipere n'kuzilala, ulemu wonse n'kupita kwa nimu, chonsecho wagwira ntchito ndi piritsi lija.

Mwana azimwa mankhwalawo atadya chamafuta, monga phala lotsira nsinjiro, chiponde kapena mkaka, chifukwa amalowa bwino m'thupi akatero. Ndipo agogo akewo apatseni ntchito yeniyeni: achape chipewa, zofunda ndi chipeso, ayang'ane m'mitu ya adzukulu enawo, aonetsetse kuti ana sakumetedwa ndi lezala limodzi. Mphaka kapena galu wothothoka ubweya nayenso amapatsira. Tina toopsa ndi timachubu ta pamsika tokhala ndi mankhwala opaka otchedwa betamethasone. Timaziziritsa kuyabwa masiku ochepa, koma chipere chimafalikira mobisa.

Tsono za kuwauza adokotala. Auzeni, mayi, ngakhale mutapaka kale. Ine ndinabisapo. Chaka china, m'kuzizira kwa June kuno kwathu, pamkono panga panabuka ziwengo. Masana ndinkapaka za kuchipatala, usiku zimene anandisinjira azakhali. Adokotala anandisinthira mankhwala kawiri, poganiza kuti sakugwira, pomwe chimene chinkanyeketsa khungu ndi cha usikucho. Tsiku limene ndinaulula, anangoti ndisiye zosinjazo, ndizipaka Vaseline ndikangosamba. Ndinataya mwezi wathunthu chifukwa cha manyazi. Mwina mudzapeza wolankhula mokalipa, zimachitika, koma wachipatala amene sakudziwa chimene chapakidwa pamutupo amangolota.

Pakatupa, pakatuluka mafinya, kapena thupi la mwana likatentha, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani komwe munalandira mankhwalawo kapena pitani ku chipatala chachikulu cha pa boma. Ndipo ulendo umenewo apongozi anu mupite nawo, akadzimvere okha za masabata 8 aja.