Nyimbo imodzi pa zimbale za jazi, funk ndi rock: yambirani pa "Summertime"

Achimwene, mwafunsa ngati ilipo nyimbo imodzi yofatsa, yakalekale, imene oyimba jazi, a funk ndi a rock onse anaiyikapo pa zimbale zawo, kuti mukamvera mbali zonse muzindikire pamene mayimbidwe atatuwa amasiyanirana. Ilipo, ndipo ine ndikutumizani kwa "Summertime". Koma musathamangire kutsitsa zimbalezo musanadziwe kuti mwini nyimboyi ndi ndani komanso akuyimbira yani, chifukwa mukadziwa zimenezo, khutu lanu limva zambiri.

Anaipeka ndi George Gershwin, mawu ake analemba DuBose Heyward, ndipo inamveka koyamba mu 1935 m'sewero loyimba lotchedwa Porgy and Bess. Sewerolo likukamba za anthu akuda osauka a ku Catfish Row, mumzinda wa Charleston ku South Carolina. Gershwin anakakhalako kufupi ndi Charleston, pa chilumba cha Folly, mu 1934, akumvetsera mmene anthu akumeneko amayimbira m'matchalitchi mwawo. Woyimba nyimboyi m'seweromo ndi Clara, mkazi wa msodzi, ndipo akutonthoza mwana wake wakhanda. Akumuuza kuti zinthu zili bwino, nsomba ndi thonje zachuluka, bambo ake ndi olemera, asalire. Chikhalirecho pakhomopo palibe chuma chilichonse. Kutsogolo kwa sewerolo kukubwera namondwe, mwamuna wake akutsalira panyanja, Clara akuthamangira komweko osabwereranso, ndipo mwanayo akutsala m'manja mwa Bess, amene akumuyimbira nyimbo yomweyo. Aliyense amene anaonapo mayi ataberekera mwana kumbuyo, akumugwedeza ndi kumulonjeza zokoma pamene m'nyumba ufa watha, akuidziwa kale nyimboyi. Mawu ake ndi achimwemwe, koma kamvekedwe kake ndi kachisoni. Ine ndikamamvera aliyense amene anaibwereza, ndimafunsa chinthu chimodzi: wachita nacho chiyani chisoni chimenechi? Wachibisa, wachiulula, kapena wachitaya?

A jazi ndi amene anayamba kuitola. Billie Holiday anaijambula mu 1936, pasanathe chaka sewerolo litayamba kuonetsedwa, ndipo Sidney Bechet anaiyimba pa sakisofoni mu 1939 ku kampani ya Blue Note imene inali itangobadwa kumene. Koma poti mwafunsa za zimbale, yambirani pa Porgy and Bess cha Miles Davis, chojambulidwa mu 1958 n'kutuluka mu 1959. Amene anakonza zoti gulu lonse liziyimba ndi Gil Evans. Tcherani khutu kumbuyo: zitoliro ndi malipenga zikubwereza kachidutswa kamodzi kakafupi, kupita ndi kubwera, osasintha. Pamwamba pake Miles walowa ndi lipenga lotseka kukamwa ndi kachitsulo, ndiye mawu ake akutuluka opyapyala, ngati munthu akukunong'onezani pafupi ndi khutu. Saonjeza zambiri. Amayimba pang'ono, n'kusiya mpata, n'kubweranso mochedwerapo pang'ono kuposa pamene mumamuyembekezera. Nyimbo yonse ndi ya mphindi zitatu ndi kanthu basi. Kwa ine ameneyu ndi amene anamumvetsa Clara kuposa onse, ngakhale sanatchule liwu ndi limodzi lomwe: munthu wodziletsa kuti mwana asaone misozi.

Chilipo chimbale china cha dzina lomwelo cha Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong, chojambulidwa mu 1957. Ngati mukufuna kumva mawu ake bwinobwino ndi mmene nyimboyo imayendera isanapotozedwe, chimenechi ndiye poyambira pabwino.

Kenako pitani kwa John Coltrane, chimbale cha My Favorite Things cha 1961. Apa konzekani, chifukwa mwana uja sagona. Coltrane anaithamangitsa nyimboyi, naitalikitsa kupitirira mphindi 11. McCoy Tyner akuponda piyano mwamphamvu, Elvin Jones ng'oma zake zikugubuduzika mosalekeza, Steve Davis ali pa besi, ndipo sakisofoni ikukumba malo amodzimodzi mobwerezabwereza ngati ikufuna chinthu chokwiririka. Anthu ambiri amagula chimbalechi chifukwa cha nyimbo yoyamba, "Summertime" n'kumaidumpha, ndipo zimandiwawa. Coltrane anali atangochoka kumene m'gulu la Miles Davis, ndiye mukamvera awiriwa motsatizana mukumva anthu amene anayimbira limodzi zaka zingapo atatenga nyimbo imodzi, wina n'kuichepetsa mpaka kutsala mafupa, wina n'kuifutukula mpaka kung'ambika. Mpamene mudziwe kuti jazi si mayimbidwe amodzi. Chimene chikuwagwirizanitsa n'chakuti onse amatenga nyimbo ngati poyambira kukamba zakukhosi kwawo.

Ku rock ndikupatsani ziwiri. Anyamata a ku England a The Zombies anaiyika pa chimbale chawo choyamba, Begin Here, mu 1965. Anaisandutsa yowerenga katatukatatu, Rod Argent ali pa piyano yamagetsi, Colin Blunstone akuyimba ndi mawu ofewa odzaza mpweya. Ndi yokoma, yaifupi, yaulemu. Koma imene muyenera kuikhalira pansi ndi ya pa Cheap Thrills, chimbale cha Big Brother and the Holding Company cha 1968, chimene chinafika pa nambala 1 ku America. Woyimba wake ndi Janis Joplin.

Imayamba ndi gitala ya Sam Andrew yokha, ikutola mawu amodziamodzi motsanzira nyimbo za Bach, wopeka nyimbo wakalekale wa ku Germany, kenako ya James Gurley n'kulowa, ziwirizo n'kumalukana. Janis akalowa, mawu ake ndi osasa, ong'ambika, moti nthawi zina mumamva ngati anthu awiri akuyimba pakhosi limodzi. Liwu limodzi amalikoka, n'kulibwereza kangapo, n'kulisiya likugwa lokha. Pakati pa nyimbo magitala aja amalusa, phokoso n'kukwera, kenako zonse n'kuzizira mwadzidzidzi iye n'kubwerera ndi kamawu kakang'ono. Alipo okonda jazi amene amati anaiononga, amati n'kukuwa chabe. Ine ndimakana kwamtuwagalu. Chimene Miles anabisa, Janis anachiyika poyera. Kwa iye wofunika kutonthozedwa si mwana yekha, mayiyo nayenso mtima wasweka, ndipo akuyimba kuti adzilimbitse yekha. Anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27, patangopita zaka ziwiri chimbalechi chitatuluka. Rock imachita zimenezo ndi nyimbo yofatsa: imatenga kufatsa ndi kulusa n'kuziyika moyandikana, gitala yamagetsi n'kukhala mawu achiwiri a woyimba.

Tsopano ku funk, kumene funso lanu likuvutirapo pang'ono, ndipo ndinene mosabisa. Funk imakhala pa ng'oma ndi besi. Ntchito yake ndi kudzutsa munthu pampando, pamene nyimbo yogonetsa mwana ntchito yake ndi yosiyana ndi imeneyo. Choncho zambiri zimene mupeze zili m'malire a soul ndi funk, ndipo woyimba aliyense anayenera kusankha chotaya.

Billy Stewart, mu 1966 ku kampani ya Chess ku Chicago, anataya chisoni chonse mwadala. Amayamba yekha popanda chida, akugubuduza lilime, kudula mawu pakati ndi kuwabwereza mofulumira, kenako malipenga n'kuphulika. Inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba ku America, ndipo ili pa chimbale chake cha Unbelievable. Woyimba ng'oma pamenepo ndi Maurice White, yemwe uja anadzayambitsa gulu la Earth, Wind & Fire, ndiye ngati mukufuna kumva funk ikumera mizu, imvani mmene ng'omazo zikukankhira nyimbo kutsogolo. Stewart anakhulupirira mawu a nyimboyo monga alili: kunja kwacha bwino, tiyeni tisangalale. Sindimuimba mlandu, chifukwa anachita ndi mtima wonse, ndipo palibe wina angaiyimbe choncho.

Chaka chomwecho Booker T. & the M.G.'s a ku kampani ya Stax, mumzinda wa Memphis, anaiyika pa And Now! popanda mawu. Iwowa anapita njira ina: pang'onopang'ono, ogani ya Hammond ikulira motsitsa ngati m'tchalitchi anthu atatuluka, gitala ya Steve Cropper ikuyankha apo ndi apo. Pa zonse za mbali imeneyi, iyi ndi imene ndimaikonda, chifukwa ikuonetsa kuti gulu lozolowera kuvinitsa anthu lingathe kugwira kugunda kwake mwamphamvu koma osamudzutsa mwana. Mukafuna za m'ma 1970 zenizeni, gulu la MFSB la ku Philadelphia linatulutsa chimbale chotchedwa Summertime mu 1976, chodzaza mavayolini ndi kugunda kwa disiko, ndipo James Brown anaiyimba ndi Martha High pa Mutha's Nature mu 1977. Ya MFSB ndi yovinira, ndipo Clara simumupezamo. Ya James Brown imveni kuti muone mwini funk akuyesa kufatsa, ngakhale sindingaiyike pakati pa ntchito zake zazikulu.

Mwina mudabwa kuti n'chifukwa chiyani nyimbo imodzi ikulolera kupindidwa chonchi osathyoka. Ndi yaifupi, mizere yake ndi yochepa, ndipo makodi ake (mawu a chida olizidwa pamodzi) ndi owerengeka, oyandikana kwambiri ndi a blues. Jazi, funk ndi rock zonse zinayamwa ku blues, choncho aliyense akaigwira amapezamo kwawo. Woyimba gitala wongoyamba kumene angathe kuiphunzira tsiku limodzi, koma Coltrane anapezamo zokamba kwa mphindi 11. Ndi chifukwa chakenso inapitirira mitundu itatu mwatchulayi. Herbie Mann anaiyimba pa chitoliro pa At the Village Gate, chojambulidwa mu 1961, ndipo gulu la Sublime linadzatapa pamenepo popanga "Doin' Time" mu 1996. Angélique Kidjo wa ku Benin anaiyimba m'chinenero cha kwawo cha Fon. Herbie Hancock, munthu amene anayenda ku jazi ndi ku funk komwe, anaiyika pa Gershwin's World mu 1998, woyimba mawu ali Joni Mitchell.

Pomvera, musaziyike zonse pa mndandanda umodzi n'kumachita zina. Tengani zinayi zokha poyamba, motsatana chonchi: Ella ndi Louis kuti nyimboyo ikhazikike m'mutu, kenako Miles, kenako Janis, kenako Billy Stewart. Gwiritsani ntchito mahedifoni kapena sipika yokhala ndi besi, chifukwa kasipika ka foni kamameza zimene Gil Evans anaika kumbuyo kwa Miles, ndipo magitala awiri a pa Cheap Thrills amamveka ngati imodzi. Ulendo woyamba tsatirani woyimba. Ulendo wachiwiri musiyeni woyimbayo, mutsatire ng'oma ndi besi zokha, chifukwa kusiyana kwa jazi, rock ndi funk kumene mukukufunako kumaonekera kwambiri pamenepo. Coltrane ndi Booker T. muwasungire tsiku lina, mutapuma. Mukamaliza mubwere mutiuze kuti mwaima ndi Miles kapena ndi Janis, chifukwa nkhani imeneyo ndikufuna tidzaikambe bwinobwino muno.