Apongozi andipatsa ntchito yophika ma Brussels sprouts pa Khirisimasi, ndiyambire pati?

Mayi wina amene anakwatiwa ku Leeds, ku England, wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhe poyera popanda kumutchula dzina. Mwachidule akuti: "Chaka chino tikadya Khirisimasi kwa apongozi, anthu 8. Aliyense wapatsidwa chokabweretsa, ine akuti ndikabwere ndi ma Brussels sprouts. Ndinalawapo kamodzi, anali owawa, ofewa kwambiri, fungo lake losakoma. Ndikufuna ootcha mu uvuni okhala ndi uchi pamwamba ngati amene ndimaona pa zithunzi. Ndithandizeni ndisakachite manyazi."

Achemwali, musade nkhawa, ntchito imene mwapatsidwayi ndi yopepuka kuposa ya amene atenge nkhukundembo. Amene munalawa aja sanali oipa mwa chibadwa, anangophedwa ndi madzi. Madzi ndiwo mdani wa ndiwo imeneyi kuyambira posankha mpaka popakula, ndipo zonse zimene ndinene pano zikuchokera pamenepo.

Kwa amene sanationepo, ndi timakabichi ting'onoting'ono timene timamera mondondozana pa phesi lalitali, kamodzi pa tsinde la tsamba lililonse. Ndi mtundu umodzi ndi kabichi, kolifulawa ndi burokoli, ndipo dzina lake linachokera ku mzinda wa Brussels ku Belgium komwe tinatchuka kalekale. Timakonda kuzizira, moti chisanu chikatimenya m'munda timatsekemerako. N'chifukwa chake ku Britain timachuluka mu Novembala ndi Disembala, ndipo tambiri timalimidwa ku Lincolnshire, komwe si kutali ndi kwanuko. Pa tebulo la Khirisimasi la Angelezi sitisowa, ngakhale m'mabanja amene theka la anthu ake amatikankhira m'mphepete mwa mbale.

Kuwawa kuja kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa glucosinolates, omwewo amene amapatsa mpiru ukali wake. Ali ndi sulufule m'kati, ndiye mukawiritsa nthawi yaitali sulufuleyo amatuluka, nyumba yonse n'kumanunkha mazira oola. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Netherlands, Hans van Doorn, anapeza kuti ndi ati mwa mankhwalawa amene amawawitsa kwambiri, ndipo ogulitsa mbewu anayamba kubzala mitundu yosawawa kwenikweni. Choncho timakabichi ta masiku ano si timene apongozi anu ankakakamizidwa kudya ali ana. Komabe pali anthu ena amene malilime awo amamva kuwawa kuposa anzawo, n'chibadwa chawo, ndiye wina akasiya m'mbale musadzitenge ngati mwalephera.

Tsono apa ndi pamene ife a kumudzi timaphonya. Tinazolowera kuti ndiwo zamasamba n'kuthira madzi pang'ono, tomato, anyezi, kuvundikira, mwina ndi kasoda kuti zifewe msanga. Kwa nkhwani ndi chisoso ndi bwino, koma kuno chizolowezi chimenecho muchisiye pakhomo. Angelezi akale nawonso ali ndi chawo: amacheka kamtanda pansi pa kakabichi kalikonse, kenako n'kuwiritsa mpaka kufewa. Kamtandako kamangotsegulira madzi njira. Apongozi akakuuzani kuti mucheke, ayankheni mwaulemu kuti pootcha sikofunika.

Kwa anthu 8 gulani kilogalamu imodzi. Sankhani tolimba mukatifinya, tobiriwira, masamba ake ogwirana, ndipo tikhale tofanana kukula kuti tipsere limodzi. Tating'ono n'totsekemerako kuposa tikuluto. Ngati mwapeza togulitsidwa tili pa phesi lake, tengani timeneto chifukwa timachedwa kufota. Ta mufiriza tisiyeni ulendo uno, timatulutsa madzi ambiri ndipo sitipsa bwino m'kati mwa nthawi imene muli nayo.

Dulani katsinde pang'ono, chotsani masamba akunja achikasu kapena ofota, kenako dulani kalikonse pakati kuchokera kumutu kutsikira kutsinde, kuti tsindelo ligwirizitse masamba. Masamba abwino amene athothoke podula musataye, amapsa n'kuuma bwino ndipo ana amalimbirana amenewo. Mukatsuka, tsukani musanadule, ndipo pukutani ndi kansalu mpaka tiume ndithu. Ntchito yonseyi mutha kuichita pa 24 madzulo, n'kusunga mufiriji m'kontena yoyalamo pepala la kukhitchini pansi.

Uvuni ukhale pa madigiri 220, kapena 200 ngati ndi wa fani, kapena gas mark 7 ngati apongozi ali ndi wa gasi. Lowetsani mathireyi opanda kanthu kuti atenthe limodzi ndi uvuniwo. Ndati mathireyi, awiri, chifukwa kilogalamu pa thireyi imodzi imathithikana, nthunzi imasowa kothawira, ndiye m'malo mootcha mumakhala mukufutsa. M'mbale yaikulu sakanizani timakabichito ndi masupuni aakulu 4 a mafuta ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Sakanizani ndi manja kuti kalikonse kanyezimire. Mafuta a azitona ndi abwino, koma a mpendadzuwa agwiranso ntchito, musawononge ndalama. Yalani pa thireyi yotenthayo mbali yodulidwa ikuyang'ana pansi, kamodzikamodzi, kusiya mipata. Zimatopetsa, inde, koma kukoma konse kuli pa mbali imene yagunda chitsuloyo.

Ndiye tisiyeni. Mphindi 15 mpaka 18 osatembenuza, osatsegulatsegula chitseko. Mukanyamula kamodzi muone pansi pake pali pofiirira kwambiri, mwina ndi timadontho takuda, monga chimanga chootcha pa makala chimene chapsa bwino. Anthu ambiri amaopa mtundu umenewu n'kutulutsa msanga, koma moto ukafika pamenepo ndi pamene shuga wa m'kati amasanduka kukoma kumene kumaphimba kuwawa. Kusintha mathireyi, ya pamwamba kupita pansi, ndi kokhako kumene ndimalola pakati pa nthawiyi.

Za uchi tsopano, pamene pali funso lanu lenileni. Maphikidwe ambiri a pa intaneti amati thirani uchi poyamba penipeni limodzi ndi mafuta. Ine ndimakana. Uchi pa madigiri 220 kwa mphindi 20 umapserera, umada, ndipo kuwawa kwa shuga wopserera kumaposa kwa kabichi. Komanso uchi uli ndi madzi, ndiye wabwezanso mdani uja pa thireyi. Sakanizani pambali masupuni aakulu 3 a uchi, 2 a viniga wa balsamic (viniga wakuda wotsekemerako), ndi imodzi ya soya sosi. Timakabichi tikafiirira, tulutsani thireyi, tsanulirani msuziwo, takasani kuti ufike ponse, ndipo bwezerani mu uvuni kwa mphindi 4 kapena 5 zokha. Imani pomwepo, musapite kukacheza. Msuziwo ukayamba kuchita thovu n'kumata, zatheka. Ngati mumakonda adyo, mudule bwinobwino n'kumuika mu msuzi womwewo, chifukwa nayenso sapirira moto wautali.

Viniga musamusiye poganiza kuti uchi wokha ukwanira. Popanda chowawasa, ndiwoyi imatsekemera mopanda mutu, ndipo pa mbale imene ili kale ndi mbatatesi zamafuta, masoseji okulungidwa mu bekoni ndi gravy (msuzi wa nyama), pamafunika kanthu kodzutsa lilime. Ngati balsamic palibe, madzi a ndimu ndi supuni ya masitadi zimachita bwino, ena amati kuposa. Lawani kamodzi musanapakule. Kawirikawiri chosowa chimakhala mchere kapena dontho la ndimu, osati uchi wina.

Angelezi amakonda kuikamo bekoni ndi ma chestnut, mtedza waukulu wa mumtengo. Bekoni ndi wabwino: magalamu 150 odulidwa tizidutswa, kumwaza pa thireyi kuyambira poyamba, n'kuchepetsa mafuta ndi mchere. Koma funsani kaye ngati pa anthu 8 aja palibe wosadya nkhumba. Ma chestnut ine sindiwaona phindu pano, ndi ofewa komanso otsekemera, pomwe mbaleyi ikufuna cholira kukamwa. Kazingani mtedza wathu pa chiwaya, fikisani makoko achoke, sinjani pang'ono osafika pa nsinjiro, ndi kuwaza pamwamba popakula. Ngati muli ndi kambuzi m'botolo, kadontho mu msuzi wa uchi kamakwanira, koma kumbukirani kuti malilime a kumeneko si athu. Za mtedza, nenani poyera musanaike pa tebulo, kapena uikeni m'kambale kapadera. Ku Britain nkhani ya matupi odana ndi mtedza si yoseweretsa, munthu atha kuthamangira naye kuchipatala. Khanda losakwana chaka lisalawe chifukwa cha uchi, ndipo ngati pali agogo amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adye pang'ono monga mwa masiku onse popeza timakabichiti tili ndi vitamini K wambiri.

Vuto limene simunalitchule koma mudzakumana nalo ndi la uvuni. Pa 25 uvuni wa apongozi umakhala wodzaza kuyambira m'mawa. Mwayi wanu ndi wakuti nkhukundembo ikatuluka imayenera kupuma mphindi 30 kapena kuposerapo isanadulidwe, ndipo nthawi imeneyo uvuni umakwezedwa moto chifukwa cha mbatatesi. Aimbireni foni apongozi sabata ino, muwapemphe kuti: "Mayi, nkhukundembo ikatuluka mundisungireko mashelefu awiri kwa mphindi 25." Nyamulani timakabichi tosaphika, msuzi wa uchi m'kabotolo, mtedza m'kapepala, ndi mathireyi anu. Ngati shelefu ndi imodzi yokha, otchani kawiri, kenako phatikizani zonse pa thireyi imodzi pothira uchi.

Akanena kuti malo palibiretu, otcherani kwanu mpaka pofiirira paja koma osathira uchi. Tisiyeni tizizire pa thireyi osavundikira, chifukwa mukaphimba ndi foyilo tili totentha nthunzi imagweranso pomwepo. Mukafika, tenthetsani chiwaya chachikulu pa mbaula ya pamwamba, kamafuta pang'ono, ponyanimo kwa mphindi 3 kapena 4, ndipo thirani msuziwo kumapeto moto mutachepetsa.

Ndikudziwa kuti owerenga a ku Blantyre, Chipata ndi Johannesburg afunsa kuti nanga ife. Kumwera kuno Disembala ndi nyengo yotentha, ndiye timakabichi tatsopano n'tosowa, ndipo tikapezeka m'masitolo akuluakulu mtengo wake ndi woboola m'thumba. Tengani kabichi wamba wolimba, dulani mapisi 8 osachotsa mtima wake, pakani mafuta ndi mchere, kazingani pa chiwaya chotentha mbali zonse ziwiri mpaka afiirire, kenako uchi ndi ndimu kumapeto, mtedza pamwamba. Pafupi ndi mpunga wa Kilombero ndi nkhuku ya lokolo amakhala bwino kwambiri.

Inu achemwali, sabata ino gulani theka la kilogalamu muyeserere kwanu ndi bambo a kunyumba, kuti mudziwe kufiirira kumene ndikunenaku ndi maso anu. Uvuni wa apongozi ukhoza kukhala wamoto kuposa wanu, ndiye pa tsikulo yambani kusuzumira pa mphindi 12.