Chifuwa chouwa ngati galu, musachithamangire ndi amoxicillin

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka ziwiri akutsokomola mouwa ngati galu, mawu asasa, usiku akamakoka mpweya pakhosi pakulira, ndiye mukufunsa ngati mungamugulire amoxicillin pagolosale. Chonde musagule.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda amene madokotala amawatcha croup. Amabwera ndi kavairasi, kawirikawiri kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 3. Kholingo limatupa mkati, ndipo poti njira ya mpweya ya mwana ndi yopapatiza ngati kachala kake, kutupa pang'ono chabe kumamubanikitsa. Amoxicillin sapha vairasi. Kuchipatala amapereka dexamethasone, nthawi zambiri kamodzi kokha, kuti kutupako kuphwe. Zikafika povuta amamupumitsa adrenaline pa kamakina kotulutsa nthunzi, n'kumuonjezera oxygen.

Inu mvetserani mwanayo ali phee, osati akulira. Ngati phokosolo likumveka ngakhale atagona pachifuwa panu, ngati pansi pa khosi ndi m'nthiti mukulowa mkati akamapuma, milomo yada, akuchucha dovu kapena akulephera kumeza, nyamukani usiku womwewo, ngakhale pa kabaza. Musadikire kuti kuche.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi ichi. Nthawi zina mabakiteriya, makamaka Staphylococcus aureus, amalowerera pamene vairasi yadutsa, ndipo m'kholingo mumadzaza mafinya olimba. Mwana amene dzulo ankasewera lero thupi latentha juu, wafooka, maso ali pefu, ndipo adrenaline uja sakumuthandiza. Ameneyu ndi wogonekedwa: maantibayotiki a mumtsempha monga ceftriaxone, mwinanso kumulowetsa kapaipi kopumira. Mapiritsi a pagolosale amangokuchedwetsani.

Podikira, mufungateni atakhala tsonga, mutonthozeni chifukwa kulira kumaonjezera kubanika. Azimwa pafupipafupi, ndipo mumutalikitse ku utsi wa nkhuni ndi mbaula. Musamufunditse bulangete pa beseni la madzi owira. Ana ambiri apsa nazo, ndipo kholingo siliphwa ndi nthunzi imeneyo. Musamupisenso chala kapena supuni kukhosi kuti muone.

Phokosoli limakonda kuchepa masana, ndiye mujambuleni pafoni usiku mukawaonetse adokotala. Mutengenso buku lake la kusikelo aone ngati analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14. Ndipo ngati zinayamba mwadzidzidzi akudya mtedza, popanda chimfine, mukanene zimenezo poyambirira penipeni, mwina kanthu kamutsamwa.